Kusefera magazi pakhomo n'kotheka, koma tiyambe tawerenga nambala ya pathumba

Munthu wa ku Bembeke akauzidwa ndi madokotala kuti impso zake zasiyiratu kugwira ntchito, moyo wake umayamba kudalira msewu wa M1. Amatsika kumapiri kuja, amadikira minibasi pamphambano, amadutsa pa Dedza, pa Linthipe ndi pa Nathenje mpaka kukafika kuchipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Kumeneko, ngati malo apezeka, amamulumikiza ku makina osefa magazi kwa maola anayi. Akatsika pabedi ali wofooka, ulendo wobwerera umakhala ukumudikira. Pakapita masiku atatu kapena anayi ayenera kubweranso, ndipo zimenezi n'za moyo wake wonse. Chithandizochi n'chaulere m'zipatala za boma, zoona, koma kondakitala safunsa ngati muli ndi matenda a impso. Werengetsani nokha ndalama yopitira ndi yobwerera, kawiri pa sabata, masabata 52, ya wodwala ndi womuperekeza. Ndi matumba angati a kachewere amenewo?

Pali njira ina yomwe ambiri mwa inu simunaimvepo. Siilira makina, siilira magetsi, ndipo wodwala akaphunzitsidwa bwino amaichita yekha kuchipinda kwake. Madokotala amaitcha peritoneal dialysis, mwachidule PD. Ine ndili kumbali ya anthu amene akufuna kuti Unduna wa Zaumoyo uifikitse njirayi m'maboma ngati Dedza. Komabe ndikufuna inu makolo ndi inu odzipereka pa ntchito za umoyo m'midzi mudziwiretu kuti madzi omwe amathiridwa m'mimba mwa wodwalayo ndi mankhwala, ndipo pathumba lake pamalembedwa kanambala kamene kangathe kuteteza kapena kuwononga mafupa, mitsempha ndi mimba ya m'bale wanu. Kanambalako ndi ka kashiamu.

Mimba ingasefe bwanji magazi?

Nonse amene munasendapo mbuzi mukudziwa kachikopa kopyapyala, koterera ndi konyezimira kamene kamakuta matumbo komanso kuyala m'kati mwa mimba. Munthunso ali nako. Pachingerezi ndi peritoneum, koma ife tingokatchula kuti nsalu ya m'mimba. Mutati muitambasule, kukula kwake kumayandikira kwa chitenje chimodzi, ndipo ndi yodzaza ndi timitsempha tamagazi tating'onoting'ono.

Dokotala amalowetsa kapaipi kofewa pamimba, m'munsi pang'ono mwa mchombo, ndipo kamakhala pomwepo. Wodwala amapachika thumba la madzi okwana malita 2 pamsomali kapena pamtengo, madziwo amatsikira okha m'mimba. Amakhalamo maola anayi mpaka asanu ndi limodzi munthu akuyenda, akuphika, akugulitsa pamsika. Panthawiyi zoipa zomwe impso zikanataya mumkodzo zimachoka m'magazi, zimadutsa nsalu ija n'kulowa m'madzi aja. Shuga amene amaikidwa m'madzimo amakoka madzi osafunika omwe amatupitsa miyendo ndi nkhope. Nthawi ikakwana wodwala amatsitsira madzi akalewo m'thumba lopanda kanthu lomwe waika pansi, n'kulowetsa atsopano. Amatero kanayi pa tsiku.

Si zachilendo ayi. Dokotala wa ku Germany, Georg Ganter, anayesa njirayi pa munthu mu 1923. Kapaipi kamene kakugwirabe ntchito lero kanakonzedwa ndi Henry Tenckhoff mu 1968, ndipo mu 1976 Robert Popovich ndi Jack Moncrief a ku Texas anaonetsa kuti munthu angathe kumayenda ndi madziwo m'mimba tsiku lonse. Ku Hong Kong akhala akuyambitsa odwala ambiri pa njirayi kuyambira mu 1985, ndipo dziko la Thailand linatsatira mu 2008.

Tsono pa njira ya makina, sefa ikatha ntchito amaitaya n'kuika ina. Pa PD sefa ndi nsalu ya m'mimba mwa munthu, ndipo aliyense ali ndi imodzi yokha. Ikawonongeka, wodwala wa ku Bembeke uja wabwerera pamphambano kukadikira minibasi.

1.75 kapena 1.25

Mlimi wa mbatata sagula feteleza asanawerenge thumba. Amadziwa kuti wa chitowe ndi wina, urea ndi wina, CAN ndi winanso, ngakhale onse amabwera m'matumba ofanana kukula. Chilembo C mu CAN uja chimaimira kashiamu yemweyu, ndipo 21 wa pa thumba la 23:21 amaimira fosifeti, amene tikumane naye posachedwa. Matumba a madzi a PD nawonso amafanana maonekedwe, koma ena ali ndi kashiamu wa mlingo wa 1.75 mmol/L pomwe ena ndi 1.25 mmol/L. M'chiyankhulo chosavuta, lita iliyonse ya thumba loyambalo ili ndi mamiligalamu 70 a kashiamu, lachiwirilo 50. Kusiyana kwake ndi mamiligalamu 20 okha, kanthu koti simungakaone ndi maso. Koma wodwala amalowetsa malita 8 pa tsiku, malita 2,920 pa chaka, chaka ndi chaka.

Kashiamu woyandama momasuka m'magazi a munthu wabwinobwino amakhala pa mlingo wa pafupifupi 1.2. Zinthu zosungunuka zimayenda kuchoka komwe zachuluka kupita komwe zachepa, monga mchere umafalikira mumphika wa ndiwo. Choncho madzi a 1.75 akalowa m'mimba, kashiamu amawoloka nsalu ija kulowa m'magazi. Madzi a 1.25 amangotsala pang'ono kufanana ndi magazi, ndiye kashiamu salowa kwenikweni, mwinanso pang'ono amatuluka limodzi ndi madzi omwe shuga wakoka.

Mwina mukufunsa kuti, nanga kashiamu si wabwino? Si uja timauzidwa kusikelo kuti amalimbitsa mafupa ndi mano? Eya, ndipo magawo 99 pa 100 aliwonse a kashiamu wa m'thupi ali m'mafupa ndi m'mano momwemo. Vuto ndi lakuti amene amayendetsa nkhani ya kashiamu m'thupi ndi impso. Ndizo zimataya fosifeti wotsala, ndizonso zimadzutsa vitamini D kuti matumbo athe kuyamwa kashiamu wa m'zakudya. Zikafa, fosifeti amaunjikana, kashiamu amatsika, ndipo tizigawo tinayi ta pakhosi, kukula ngati njere za mpunga, totchedwa parathyroid, timayamba kutulutsa michere yolamula mafupa kuti apereke kashiamu wawo ku magazi. Mafupa amafooka. Kwa mwana, miyendo imapindika ndipo msinkhu umaima.

Kale madokotala ankamanga fosifeti wa m'zakudya ndi mankhwala a aluminiyamu, ndipo madzi a 1.75 ankathandiza kubwezeretsa kashiamu yemwe amasowa. Kenako zinadziwika kuti aluminiyamu amaunjikana m'mafupa ndi muubongo wa odwala impso. M'zaka za m'ma 1980 anasinthira ku mapiritsi a kashiamu, omwe wodwala amamwa pamodzi ndi chakudya. Apa mpamene panabuka vuto latsopano: munthu akulandira kashiamu kukamwa katatu pa tsiku, akulandiranso kashiamu kudzera m'mimba kanayi pa tsiku, pomwe impso zoti zitaye wotsala palibe. Madzi a 1.25 anapangidwa pofuna kuthana ndi zimenezi.

Kashiamu wotsalayo sasowa kolowera. Akakumana ndi fosifeti amaundana n'kumatirira, monga zoyera zija zimamatirira pansi pa ketulo yophitsira madzi a pamjigo. Amamatirira m'mitsempha, mitsempha n'kuuma, ndipo kumbukirani kuti chimene chimapha odwala ambiri osefedwa magazi ndi matenda a mtima ndi mitsempha. Mafupa nawo, akaona kuti kashiamu wachuluka, amasiya kudzikonza okha ndipo amathyoka msanga. Kumbali inayo, madzi a 1.25 akapatsidwa kwa munthu amene sakumwa mapiritsi a kashiamu ndipo sakudya mokwanira, tizigawo ta pakhosi tija timakwiya kwambiri n'kumakumba mafupa. N'chifukwa chake bungwe la akatswiri a impso padziko lonse la KDIGO, m'malangizo ake a mu 2009 omwe anawabwerezanso mu 2017, linati kashiamu wa m'madzi osefera magazi akhale pakati pa 1.25 ndi 1.50. Taonani kuti 1.75 ali kunja kwa malire amenewa. Izi sizikutanthauza kuti ndi poizoni. Alipo odwala omufuna, makamaka makanda omwe mafupa awo akukula ndi anthu omwe kashiamu wawo watsikiratu. Koma si thumba loti lizipatsidwa kwa aliyense chifukwa chakuti ndi lomwe lapezeka m'nkhokwe.

Nanga nsalu ya m'mimba ija?

Apa ndikufuna tinene zoona zokhazokha, chifukwa nkhani za umoyo zimakonda kukokomezedwa. Adani akuluakulu a nsalu ya m'mimba ndi awiri, shuga ndi tizilombo. Kashiamu amabwera pambuyo pawo.

Shuga wa m'matumba a PD ndi wochuluka kuposa wa m'magazi kambirimbiri. Matumba ambiri amalembedwa 1.5%, 2.5% kapena 4.25%. Nsalu yonyowetsedwa m'madzi otere usana ndi usiku imayamba kukhuthala n'kuchita zipsera. Ofufuza a ku Cardiff m'dziko la Wales, motsogoleredwa ndi John Williams, anayeza tizidutswa ta nsaluyi ndipo mu 2002 anafalitsa zomwe anapeza: mwa anthu omwe akhala pa PD kupitirira zaka 8, gawo lina la nsaluyi linali lokhuthala pafupifupi ka 14 kuyerekeza ndi la munthu wopanda matenda a impso. Nsalu yotere siikokanso bwino madzi. Wodwala amatupa, amapatsidwa thumba la shuga wambiri kuti madzi atuluke, ndipo shugayo amapitiriza kuiwononga. N'chifukwa chake kuchepetsa mchere m'ndiwo kumateteza mimba ya wodwala wa PD. Mchere ukachepa ludzu limachepa, madzi saunjikana, ndipo thumba la 4.25% silifunika kawirikawiri.

Kashiamu amalowa m'nkhaniyi m'njira zingapo. Mwa odwala ena omwe akhala pa PD zaka zambiri, zithunzi za m'mimba zimaonetsa kashiamu ataundana pa nsaluyo ndi pamatumbo, kuoneka ngati chikamba cha dzira. Izi zimapezeka kawirikawiri pa vuto loopsa, ngakhale losowa, limene nsalu imakhuthala mpaka kumanga matumbo ngati mtolo, munthu n'kumasanza, kuwonda, chakudya osadutsa. Chiopsezo chake chimakwera munthu akadutsa zaka zisanu pa PD. Pakati pa zinthu zomwe madokotala amaziganizira pa kuundana kumeneku pali kuchuluka kwa kashiamu ndi fosifeti m'magazi, kukwiya kwa tizigawo ta pakhosi tija, ndi matenda a m'mimba obwerezabwereza.

Kumbali ya madzi a 1.25 kunabukanso nkhawa yake. Asilikali a m'thupi omwe amameza tizilombo m'mimba amafuna kashiamu kuti agwire ntchito. Mu 1992 madokotala a ku Pittsburgh ku America, motsogoleredwa ndi Beth Piraino, analemba kuti odwala awo omwe anali pa madzi a 1.25 ankagwidwa kwambiri ndi kachilombo kena kokhala pakhungu kotchedwa Staphylococcus epidermidis. Ofufuza ena pambuyo pake sanaone kusiyana kotere, ndipo lero madzi a 1.25 akugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Phunziro lomwe ine ndimatengapo ndi lakuti palibe nambala yoteteza wodwala amene manja ake ndi akuda.

Njira yachitatu ndi yomwe inu a m'midzi mungaione msanga kuposa dokotala. Kashiamu wochuluka, makamaka wa m'mapiritsi, amadzimbitsa. Munthu wa PD akadzimbidwa, matumbo odzaza amakankha kapaipi kaja, madzi n'kumakana kutuluka. Choipa kwambiri, tizilombo ta m'matumbo timapeza mpata wowolokera m'madzi a shuga aja, momwe timaswana mosavuta. Wodwala wa PD akangoti papita masiku awiri asanapite kuchimbudzi, imeneyo ndi nkhani yoti achipatala aimve tsiku lomwelo.

Ana athu ndi madzi a diripi

Pali gulu lina la odwala lomwe PD imalipulumutsa m'masiku ochepa chabe. Awa ndi anthu omwe impso zawo zaima mwadzidzidzi chifukwa cha malungo aakulu, kutsegula m'mimba, kolera, kutaya magazi pobereka kapena mankhwala ena, achikuda ndi achizungu omwe. Impso zotere nthawi zambiri zimadzukanso, bola munthu asungidwe wamoyo kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Kafukufuku wa ku chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2017, anapeza kuti mwa akuluakulu 892 ogonekedwa m'mawodi a matenda wamba, 153 anali ndi vuto limeneli, ndipo oposa anayi mwa khumi aliwonse a iwo anamwalira. Pakati pa ana a pachipatala chomwecho, vutoli linapezeka mwa mwana mmodzi pa khumi aliwonse ogonekedwa, malungo ali m'gulu la zifukwa zazikulu. Onjezani pamenepo mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kolera amakamula madzi m'thupi, ndipo impso ndizo zimayamba kuvutika.

Mwana wamng'ono ndi wovuta kumulumikiza ku makina opangidwira akuluakulu. Kwa iye PD ndiyo njira. Kuyambira mu 2012 ntchito yotchedwa Saving Young Lives yakhala ikuphunzitsa madokotala ndi anamwino a mu Africa kuika kapaipi ndi kusefa magazi a ana, ndipo ambiri amakaphunzirira ku chipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town. Komwe matumba a kufakitale kulibe, achipatala amasakaniza okha madziwo pogwiritsa ntchito diripi ya Ringer's lactate, yomweyo timaiona ikupachikidwa pa odwala kolera, n'kuthiramo shuga wa m'botolo. Ku chipatala cha Mbingo ku Cameroon anayerekeza madzi osakaniza okhawa ndi a kufakitale, ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni pa chiwerengero cha ogwidwa ndi matenda a m'mimba. Bungwe la ISPD, loona za PD padziko lonse, limavomereza njirayi pomwe palibe ina.

Ngakhale apa kashiamu sachoka. Diripi ya Ringer's ili ndi kashiamu kale, ndipo namwino akathiramo mankhwala a bicarbonate, ziwirizi zimaundana n'kupanga timiyala toyera m'thumbamo. Madiripi ena alibiretu kashiamu, ndipo mwana wosefedwa nawo angathe kutsika kashiamu mpaka kukomoka. Diripi ya Ringer's ilinso ndi potaziyamu, amene m'matumba a kufakitale mulibe. Ndikutchula izi kuti muone kuti kusakaniza madziwa ndi ntchito ya m'chipatala, ya anthu ophunzitsidwa, okhala ndi poyezera magazi pafupi. Munthu wina aliyense wokuuzani kuti angakukonzereni madzi otsuka impso kunyumba, muthaweni.

Ntchito yanu makolo ndi inu mavolontiya pa ana ndi yoyambirira: kufunsa za mkodzo. Timafunsa ngati mwana watentha thupi, ngati akudya, ngati akusanza, koma n'kangati timafunsa kuti wakodza liti? Mwana wodwala malungo kapena kutsegula m'mimba amene watha theka la tsiku osanyowetsa thewera, amene mkodzo wake wada ngati tiyi wopanda mkaka, kapena amene watupa zikope, asagone pakhomo. Apite kuchipatala cha pafupi, ndipo mukanene mawu amenewa momveka: "Sakukodza." Musamupatse brufen, indosidi kapena diclofenac, chifukwa mankhwalawa amachepetsa magazi opita ku impso zomwe zavutika kale.

M'nyumba ya kumudzi zingatheke?

Amene amakayikira PD ali ndi mfundo zomveka, ndipo tisawanyoze. Amati nyumba zathu n'zozira, madzi timatunga kumjigo, nkhuku zimalowa mpaka kuchipinda. Wodwala amatsegula kapaipi kake kanayi pa tsiku, ka 1,460 pa chaka, ndipo ulendo uliwonse ndi khomo la tizilombo. Muyezo womwe a ISPD anaika mu 2022 ndi wakuti, pa avereji, wodwala asagwidwe ndi matenda a nsalu ya m'mimba koposa kamodzi pa zaka ziwiri ndi theka. Kudwala kulikonse kumasiya chipsera pa nsalu ija.

Koma mawu ngati amenewa tinawamvapo. Dziko lino lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004, panali akatswiri akunja omwe ankati anthu a kumudzi mu Africa sangathe kusunga nthawi yomwera mankhwala. Lero agogo a ku Bembeke amamwa awo osaphonya, ndipo amakumbutsanso adzukulu. Chinathandiza ndi maphunziro, alangizi a zaumoyo oyendera m'makomo, ndi mankhwala osasowa. PD imafunanso zomwezo.

Chipinda chosinthira madzi sichifuna matailosi. Chimafuna kusesedwa nthawi isanakwane kuti fumbi likhale litatsika, chitseko ndi zenera zotseka, tebulo lopukutika, ndiponso kuti mphaka, nkhuku ndi ana akhale kunja. Wodwala avale chotchinga pakamwa ndi pamphuno, asambe m'manja ndi sopo ndi madzi othira mankhwala kapena owiritsa, ndipo aumitse manjawo bwinobwino, chifukwa dzanja lonyowa limanyamula tizilombo tambiri kuposa louma. Pamene kapaipi katulukira pakhale pouma, posathiridwa phulusa, mafuta odzola kapena mankhwala azitsamba.

Kuzizira kwa ku Bembeke mu Juni ndi Julayi kuli ndi msampha wake. Madzi ozizira akalowa m'mimba amapweteka, ndiye munthu amaganiza zoviika thumba m'beseni la madzi otentha. Asatero. Madzi a m'beseni angathe kufika polumikizira paipi n'kulowetsa tizilombo. Thumba lifunditsidwe mouma, monga kulikulunga m'bulangeti pamodzi ndi botolo la madzi ofunda lotsekedwa bwino, likadali m'pepala lake lakunja.

Ndipo chizindikiro choyamba cha matenda aliyense angachione. Madzi otuluka m'mimba amayenera kukhala oyera mbee, achikasu pang'ono, oti mutaika nyuzipepala ino pansi pa thumba mungawerenge zilembo. Akatuluka a mbuu ngati madzi otsukira mpunga, kaya mimba ikupweteka kaya ayi, wodwala anyamuke tsiku lomwelo, thumbalo alitenge kuti likayezedwe. Kudikira kuti tione mawa kwachotsetsa mapaipi ambiri.

Zizindikiro za kashiamu nazonso muzidziwe. Akatsika, munthu amamva dzanzi kuzungulira milomo ndi kunsonga za zala, minofu imakokana, zala zimapindika zokha, mwina mpaka kukomoka. Akakwera amadzimbidwa, amachita nseru, amafooka, nthawi zina kusokonezeka mutu. Kuyabwa thupi lonse kosatha kawirikawiri kumaloza kwa fosifeti. Koma zizindikirozi zimabwera mochedwa, ndipo kuundana kwa kashiamu m'mitsempha sikumveka kupweteka. Choonadi chimadziwika poyeza magazi basi. Malangizo a KDIGO aja amati wosefedwa magazi ayezedwe kashiamu ndi fosifeti pakatha mwezi umodzi mpaka itatu iliyonse, ndipo michere ya tizigawo ta pakhosi pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi.

Pa zakudya ndingonena pang'ono. Usipa, bonya ndi matemba, zomwe timadya ndi minga yomwe, zili ndi kashiamu wambiri komanso fosifeti wambiri. Zakumwa zakuda za m'botolo zilinso ndi fosifeti. Komabe wodwala wa PD amataya zomanga thupi m'madzi otuluka aja, ndiye kumuletsa ndiwo zonse za nsomba ndi mazira ndi kumupha ndi njala. Mlingo wake akambirane ndi achipatala potengera zotsatira za magazi. Nkhani yabwino kwa a ku Bembeke ndi yakuti kachewere, tomato ndi nthochi, zomwe odwala a pamakina amaletsedwa kwambiri chifukwa cha potaziyamu, ambiri a pa PD amaloledwa kudya, popeza potaziyamu amatuluka tsiku lililonse. Chidulo chokha ndiye asachiyandikire asanafunse. Musamugulirenso wodwala mapiritsi olimbitsa mafupa, vitamini D kapena otafuna oletsa kutentha pamtima. Ambiri mwa amenewa ali ndi kashiamu, magineziyamu kapena aluminiyamu.

Zoti tifunse akuluakulu

Chovuta chenicheni cha PD kuno kwathu, m'kuona kwanga, ndi kulemera kwa madzi. Malita 8 pa tsiku ndi makilogalamu 240 pa mwezi, kuyandikira matumba asanu a feteleza, kwa wodwala mmodzi. Akachokera kunja amadya ndalama zakunja zomwe zikusowa kale, amayenda panyanja, kenako pamagalimoto akuluakulu ngati omwe timawaona pachipata cha Dedza akuchokera ku Beira. Wodwala wa pa PD matumba akamuthera, moyo wake uli pachiswe m'masiku owerengeka. Boma lisayambe kuika mapaipi m'mimba mwa anthu lisanatsimikize kuti madzi azifika mwezi ndi mwezi mpaka ku Dedza, osati kuthera ku Lilongwe.

Ndipo pamene katundu ndi wovuta kupeza chotere, chiyeso chimakhala chogula mtundu umodzi wotsika mtengo, kapena kulandira chilichonse chomwe wachifundo watumiza. Apa mpamene nkhani ya kashiamu imandidetsa nkhawa. Mankhwala omanga fosifeti opanda kashiamu ndi okwera mtengo, choncho odwala athu ambiri adzakhala pa mapiritsi a kashiamu. Kuwapatsanso madzi a 1.75 tsiku ndi tsiku popanda kuyeza magazi ndi kubwereza cholakwa chomwe maiko ena anachizindikira zaka zoposa 30 zapitazo. A Central Medical Stores Trust, omwe amagulira zipatala za boma mankhwala, akamadzaitanitsa madziwa, thumba la 1.25 likhale lochuluka, la 1.75 lipezeke la iwo amene dokotala wawalembera, ndipo makatoni ake alembedwe moti mlangizi wa zaumoyo angawasiyanitse ali chapatali.

Kuyeza magazi nakonso kusakhale chifukwa chokwerera minibasi ya ku Lilongwe mwezi uliwonse. Njinga zamoto zimanyamula kale magazi oyeza kuchuluka kwa kachilombo ka HIV kuchoka m'zipatala zing'onozing'ono kupita ku boma. Botolo limodzi la wodwala impso lingakwere nawo, zotsatira zake n'kutumizidwa pafoni kwa dokotala wa ku Kamuzu Central, amene angalamule kuti thumba lisinthidwe kapena mapiritsi achepetsedwe. Sukulu ya ukachenjede ya KUHeS ndi sukulu za anamwino ziphunzitse PD mokwanira, kuti pa Dedza pakhale namwino ngakhale mmodzi wodziwa chochita ndi thumba la madzi a mbuu likabwera Loweruka usiku.

Inu amene mumakhala m'makomiti a zaumoyo a m'mudzi ndi oyang'anira chipatala, nkhanizi muzifunse phungu wanu ndi akuluakulu a zaumoyo a boma la Dedza akabwera kumsonkhano. Tsiku lokumbukira impso padziko lonse limakhala Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Malichi, ndipo ndi nthawi yabwino yowaitana. Kafukufuku wa boma ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa, ndipo vutoli pamodzi ndi shuga ndiwo amawononga impso pang'onopang'ono. Ofuna kusefedwa magazi achuluka, ndipo makina a m'mizinda sangawakwanire.

Ngati m'banja mwanu muli kale wina amene ali pa PD, kaya kuno kaya ku Joni, mufunseni lero akuwerengereni manambala awiri a pathumba lake, ya shuga ndi ya kashiamu, yomwe imalembedwa pafupi ndi zilembo Ca. Muwalembe m'buku lake la kuchipatala pamodzi ndi mayina a mapiritsi onse amene akumwa komanso tsiku lomaliza lomwe anayezedwa magazi. Katoni yatsopano ikabwera ndi nambala yosiyana ndi ya kale, aimbire kaye foni namwino wake asanalumikize thumba loyamba.